Foni ya Achimwene Itasiya Kulankhula

Ku ofesi ankamutchula kuti Kazitape, ndipo iye sankakwiya nalo dzinalo. Akanakwiyiranji poti ntchito yake inalidi yosuzumira anthu? Kampani yawo inali yaing'ono, zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo inkapanga chinthu chimodzi chokha: pulogalamu ya pafoni yokumbutsa odwala kumwa mankhwala. Nthawi ikakwana foni inkalira n'kuonetsa pilitsi loti munthu amwe, akamwa n'kudina batani lalikulu lam'munsi lolembedwa kuti Ndamwa. Omanga pulogalamuyo ankakhala m'chipinda chamkati. Kazitape ankakhala pafupi ndi zenera, fungo la labala likukwera kuchokera pansi, maso ali pa kompyuta ya masikirini awiri, n'kumaona mmene anthu akuigwiritsira ntchito: batani liti akulidina, tsamba liti akulithawa, ndi pati pamene akutopa n'kutseka. Mayina a anthu sankawaona ayi, ankangoona manambala ndi mizere yokwera ndi yotsika. Koma chimene iye wanena Lolemba m'mawa ndi chimene anzake aja ankamanga sabata imeneyo.

Kusuzumiraku sanakuphunzire kukoleji, anabadwa nako. Ali kamtsikana mayi ake anali ndi kasitolo ka zovala za ana, ndipo iye ankakhala pakauntala n'kumangoyang'ana manja a makasitomala. Ankati pakamwa pa munthu pamanama koma dzanja silinama. Mayi akhoza kuyamikira diresi la pahang'ala mpaka malovu kuuma, chonsecho dzanja lake lili pa tikabudula ta m'dengu la pansi. Tsiku lina anangonyamula dengulo n'kukaliika pakhomo. Mayi ake anamukalipira kuti wayamba liti kulamula m'sitolo ya eni, koma pofika madzulo dengu linali litatsala nsungwi zokhazokha, ndipo sanamukalipirenso.

Bambo awo atamwalira, amene anamupititsa patsogolo ndi achimwene ake, dalaivala wa malole akuluakulu, munthu wamtali wosafuna n'komwe kuthandizidwa. Tayala likaphulika pamsewu ankalisintha okha, wina akafuna kugwirako ankamuuza kuti akagwire la bambo ake. Nthawi ya mayeso ankamuimbira foni ali kutali n'kumufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati wadya. Tsopano anali atapuma pantchito chifukwa cha matenda a shuga, akukhala ndi akazi awo m'kanyumba ka khonde lalitali kunja kwa tauni. Pulogalamu ija itangotuluka, Kazitape anawaikira m'foni mwawo ndi manja ake, akunyadira ngati mwana amene wabwera ndi mayeso okhoza.

Mwini kampani ankawatchula kuti Bwana Changu, kumbali ndithu, chifukwa ngakhale tiyi ankamwa ataimirira. Sanali munthu woipa, kungoti chilichonse ankafuna chichitike dzulo. Chimene chinkawasowetsa tulo chaka chimenecho n'chakuti pulogalamu inali itanenepa. Anthu a timafoni tating'ono akafuna kuiika, foni inkakana kuti malo atha, ndipo anthu oterewa ndi amene anali ambiri. Chinkainenepetsa kwambiri chinali mawu. Pambali pa dzina la mankhwala panali kabatani ka chithunzi cha sipika, kamene munthu akakadina, mawu a mayi wina wodekha ankamuwerengera dzina la mankhwalawo ndi kuchuluka kwake. Bwana Changu anaima pamsana pa Kazitape n'kumufunsa kuti kodi kabatani kameneka alipo amene amakadina?

Kazitape anafufuza. Mzere wa kabataniko unali utagona pansi ngati chingwe chotayidwa. Anabwereza miyezi ya m'mbuyo, chimodzimodzi. Ndiye analemba lipoti lake mosadodoma, kunena kuti pafupifupi palibe amene amagwiritsa ntchito mawu, achotsedwe. Bwana Changu anamwa wamkaka. Anakawauza anzawo amene anaika ndalama m'kampani kuti mankhwala a kunenepa kuja apezeka, ndipo pobwera anamunong'oneza Kazitape kuti akufuna mkulu woyang'anira gulu lonse, akuganizira iyeyo. Ndani sangasangalale? Madzulo amenewo Kazitape anatsika masitepe akuimba, a matayala aja mpaka anamufunsa ngati wapeza mwamuna.

Sanachite zinthu mwachimbulimbuli. Mwambo wa ntchito yawo unali wakuti chinthu chikamachotsedwa, amayamba achichotsa kaye m'mafoni ochepa osankhidwa mwachisawawa, n'kuona ngati pabuka vuto. Anatero. Kazitape ankayang'ana m'mawa uliwonse. Mzere wa odina Ndamwa unangogwedera pang'ono, kugwedera koti ngakhale mvula imachititsa. Tsamba lolembapo madandaulo linali zii, popanda ngakhale mmodzi wotukwana. Anauza Bwana Changu kuti zonse zili bwino, ndipo anagwirizana kuti akakumana ndi a ndalama aja Lachinayi la sabata yotsatira, mawu adzachotsedwe kwa aliyense.

Lamlungu masana anapita kukaona achimwene ake, atanyamula malalanje. Alamu ake anamuchingamira pageti, ndipo asanalonjerane bwinobwino anamukokera kuseri kwa nyumba kumene ankayanika zovala. Anamutsina khutu kuti bambo m'nyumbamu zinthu sizili bwino. Masiku apitawa akhala akudandaula chizungulire, ludzu losatha, ndipo dzulo anatsala pang'ono kugwa kubafa. Alamuwo atasuzumira m'mabotolo anapeza kuti mapilitsi sakuchepa. Atawafunsa, bambowo anawakalipira kuti iwo si khanda loti azilimwetsa phala.

Kazitape anawapeza achimwene pakhonde, wailesi ikulira chapansipansi, chitini cha mabisiketi chimene ankasungiramo mankhwala chili pamwendo. Anamulonjera ndi nthabwala zawo za masiku onse, kumufunsa ngati boma lamulemba kale ntchito ya ukazitape. Koma Kazitape anaona kuti maso awo akuyang'ana pambali pang'ono pa nkhope yake. Kenako anayang'ana manja. Ankatola botolo, kulitembenuza, kusisita pepala lake ndi chala, kuligwedeza pafupi ndi khutu, n'kulibwezera. Mabotolo onse anali ofanana kukula, ochokera ku chipatala chimodzi.

“Chinthu chako chija chayamba mwano, chemwali,” anatero achimwene. “Kale chinkandiuza bwinobwino kuti botolo loyamba, pilitsi limodzi. Pano chimangolira ngati belu la njinga, osanena kanthu.”

Kazitape anafunsa kuti bwanji osangowerenga pasikirini, poti zonse zimalembedwa. Achimwene anakweza wailesi. Amene anayankha ndi alamu, ali chiimire pakhomo. Anati maso a bambowa anayamba kutha chaka chatha, pano amangoona mithunzi. Anawalumbiritsa kuti asauze aliyense, makamaka mlongo wawo, chifukwa sankafuna kumveredwa chisoni. Namwino wa ku chipatala cha shuga ndi amene anawakonzera foni kuti izilankhula yokha, n'kuwaphunzitsa kusanja mabotolo m'chitini motsatira mmene foniyo ikutchulira. Kuyambira pamenepo ankamwa mankhwala okha, osapempha munthu. Foni itakhala chete anaopa kusokoneza mapilitsi a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ndipo kupempha akazi awo kunawakulira, ndiye anangosiya.

Kazitape anatenga foniyo m'thumba la malaya a achimwene n'kulowa m'masetingi, m'kati momwe munthu amakonzera pulogalamu mmene akuifunira. Pansi penipeni panali kaswichi kolembedwa kuti Lankhula nthawi zonse. Kanali koyatsa, koma tsopano kanali kotuwa, kakufa. Mutu wa Kazitape unaima. Munthu akayatsa kaswichi kameneka, foni imalankhula yokha nthawi ikakwana, ndipo kabatani ka sipika kaja sakadinanso mpaka kalekale. Chonsecho iye ankawerenga odina kabataniko basi. Anali ataika mlonda pachipata kuti aziona olowa, kuiwala kuti eni nyumba ali kale m'kati. Amene ankadalira mawuwo kuposa wina aliyense ndi amene sankaoneka n'komwe pa kompyuta yake.

Anachita manyazi, manyazi enieni otentha mpaka m'makutu, kenako mantha. Mwa mafoni osankhidwa mwachisawawa aja, imodzi inali ya munthu amene anamuphunzitsa sukulu. Nanga ena aja ndi a ndani? Achimwene sanawaululire kuti wolakwa ndi iye. Anangowapempha, chonde, kuti masiku ochepa okha alole alamu aziwapatsa mankhwala pamene kuntchito akukonza foniyo. Anavomera chifukwa wapempha ndi iye. Alamu anaika mapilitsi pachikhatho, achimwene anatola atatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo Kazitape anaona dalaivala uja wosintha yekha tayala la lole akumezera manyazi pamodzi ndi madzi.

Lolemba anafika a matayala asanatsegule. Anadikirira pamasitepe mnzake amene ankamutchula kuti Mandevu, mkulu wa omanga pulogalamu, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula. Asanavule n'komwe chikwama anamufunsa za kaswichi kaja. Mandevu anakanda ndevu zake n'kuvomera kuti anakaika ndi iyeyo kalekale, namwino wina atapempha, ndipo palibe anaganiza zokaikira chowerengera chifukwa zinthu za m'masetingi sankaziwerenga. Si Kazitape yekha, onse m'zipinda ziwirizo ankadziwa kuti chowerengera chimaikidwa pamene chala chimadina. Kazitape anati za wolakwa azikamba pambuyo, panopa amupatulire mafoni onse amene kaswichiko n'koyatsa, makamaka amene anawatseka pakamwa aja.

Sizinatenge nthawi. Mafoniwo sanali awiri kapena khumi ayi, anali ambiri moti Mandevu anaimba mluzu. Atawaika paokha, mzere wawo wa Ndamwa unkayenda bwinobwino pamwamba, kuposa wa anthu ena onse, kufikira tsiku limene mawu anachotsedwa. Pamenepo unangogwa chagada osadzukanso. M'chigulu cha anthu onse kugwaku kunasungunuka ngati supuni ya mchere m'ndowa ya madzi, n'chifukwa chake iye anangoona kugwedera pang'ono kuja. Kazitape anayang'anitsitsa mzerewo. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito sanaone manambala, anaona zitini za mabisiketi zili pamiyendo ya anthu.

Bwana Changu analowa kapu ili m'manja, foni ili kukhutu. Kazitape anawatsekera njira mpaka anadula foniyo. Anawafotokozera zonse, osazungulira, n'kunena kuti mawu abwezedwe lero lomwe. Bwanawo poyamba anakana kwamtuwagalu. Anati anawauza kale a ndalama aja, anthu a timafoni tating'ono akudikira, ndipo lipoti loti mawu achotsedwe analemba ndi iye yemweyo, siginecha yake ilipo. Iye anavomera kuti n'zoona, lipotilo ndi lake ndipo n'lolakwika. Bwana anati nanga ngati anthuwo akuvutikadi, bwanji palibe ngakhale mmodzi wadandaula?

Kazitape anatsegula pulogalamuyo m'foni mwake n'kuwapatsira m'manja.

“Bwana, tsinzinani. Musatsegule maso. Tsopano pezani tsamba la madandaulo, mutilembere kuti foni yanu yasiya kulankhula.”

Anatsinzinadi, poti anali munthu wokonda kutsimikiza yekha. Chala chinayendayenda pagalasi, chinatsegula kamera, chinatseka pulogalamu, kenako chinaima. Omanga aja anali atatuluka m'chipinda chawo, ataima pakhomo, palibe anaseka. Bwana Changu anatsegula maso, anaika kapu patebulo n'kukhala pampando, chinthu chimene ambiri anali asanachionepo.

Analamula kuti mawu abwezedwe m'mafoni onse amene anachotsedwa, ndipo iwo eni anayamba kuimbira zipatala zimene ankagwira nazo ntchito kuti anamwino achenjeze odwala osaona bwino. Mandevu anati kubwezako sikungatheke tsiku lomwelo, pulogalamu iyenera kumangidwanso n'kudikira kuti ivomerezedwe isanafike m'mafoni. Koma za kusunga mawuwo mpaka kalekale, bwana anati si iwo okha angagamule. A ndalama aja anamva kuchokera kwa iwo kuti mawu ndi katundu wopanda ntchito, ndiye amene analemba zimenezo akaime yekha pamaso pawo Lachinayi n'kumeza mawu ake. Anamuyang'ana n'kuwonjeza chapansipansi kuti akatero, za udindo zija aiwale, anthu amenewo sakweza munthu amene wangovomera kumene kuti anawasocheretsa. Anati ngati akufuna, akhoza kungonena kuti papezeka vuto la makina, dzina lake lisatchulidwe.

Kazitape anaiganizira ndithu nzeru imeneyo, tisaname. Udindowo ankaufuna, anaugwirira ntchito zaka. Koma anadziwa kuti akati vuto la makina, a ndalama adzati likonzedwe kenako mawu achotsedwe monga anagwirizana, chifukwa lipoti lidzakhala likadali chilili. Lipotilo linayenera kufa, ndipo woti aliphe anali mwini wake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anauza bwana kuti akaima.

Masiku otsatirawo ankayamba wadzera kwa achimwene m'mawa, kuonetsetsa kuti mankhwala amwedwa, kenako n'kuthamangira basi. Achimwene anali atasiya nthabwala. Ankangotambasula dzanja ngati wopemphetsa, kumeza, n'kufunsa ngati chinthu chija chakonzedwa. Ku ofesi Kazitape anakhala pambali pa Mandevu osamupatsa mpata wopuma, chifukwa ankadziwa kuti kulira kokha sikungagonjetse a ndalama, vuto la kunenepa lija linali lenileni. Anakangana, anajambula pabolodi, anafufuta. Pomaliza anapeza njira: pulogalamu izibwera yopepuka, yopanda mawu, koma munthu akangoitsegula koyamba izimufunsa mokweza ngati akufuna kuti izimulankhulira, akavomera mawuwo azilowa paokha. Anaikanso chowerengera pa kaswichi kaja, ndi batani loti munthu azitha kudandaula pongolankhula.

Lachinayi a ndalama anabwera atatu, n'kukhala m'chipinda chamkati chimene anachisesa mwapadera. Kazitape anaima kutsogolo. Anayamba n'kunena kuti lipoti limene analandira mwezi watha analemba ndi iye, ndipo linali lolakwika chifukwa anawerenga pamalo polakwika. Anawaonetsa mzere wogona uja, kenako mzere wakugwa uja. Za achimwene ake sanatchule, sanafune kuti awamvere chisoni m'chipinda cha anthu osawadziwa. Mmodzi mwa alendowo, mayi wa magalasi amene sanamwetulire chilowereni, anafunsa kuti ndiye manambala ake awakhulupirirenso bwanji.

“Musawakhulupirire okha, mayi. Inenso ndasiya,” anayankha Kazitape. “Kuyambira lero tisanachotse chinthu ndizipita kaye kukakhala pansi ndi anthu amene akuchigwiritsa ntchito, ndione ndi maso anga. Kompyuta imandionetsa amene adina. Amene sangathe kudina siwaonetsa.”

Mayiyo analemba kanthu papepala. A ndalamawo ndi bwana anakambirana nthawi yaitali Kazitape atatulutsidwa panja, ataima pamasitepe n'kumamvera makina opopera matayala. Potuluka, Bwana Changu anamuuza kuti mawu atsala, njira ya Mandevu ija aivomera. Za udindo sanatchule, ndipo iye sanafunse. Nkhaniyo inafera m'mazira, patapita nthawi anabweretsa munthu wina wochokera kunja. Zinamuwawa, ndipo analira pang'ono kubafa, kenako anasamba kumaso n'kubwerera pazenera pake.

Pulogalamu yokonzedwayo inavomerezedwa Loweruka. Kazitape analawirira dzuwa lisanatenthe, anapeza achimwene atakhala kale pakhonde, chitini chili pamwendo, alamu akubwera ndi kapu ya madzi. Anatenga foni, anailowetsa zatsopanozo, n'kuibwezera m'thumba la malaya awo. Anakhala pansi pa sitepe n'kumadikira. Alamu anali atayamba kale kutsegula botolo pamene foniyo inalira, kenako mawu a mayi wodekha uja anatuluka m'thumba: botolo loyamba, pilitsi limodzi, mumwe mutadya.

Achimwene anawongoka. Anakankha dzanja la akazi awo pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kulanda botololo, kulibwezera pamalo pake m'chitini, kenako n'kulitolanso okha. Anatsegula, anagwedezera pilitsi pachikhatho, anameza. Anatulutsa foni m'thumba, chala chawo chinatsika pagalasi mpaka pa batani lalikulu lam'munsi, osaphonya. Alamu anatembenuka n'kulowa m'nyumba mofulumira, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

 Kazitape anali atakonza mawu ake opepesa m'basi monse, koma atatsegula pakamwa achimwene anamutsogolera, nkhope ataloza kumene ankamva kupuma kwake.

“Kuntchito kwanuko, amene anachitseka pakamwa chinthuchi ukamuuze kuti ndamukhululukira. Koma asadzayambirenso.”

Kazitape anayankha chapansipansi.

“Wamva, achimwene.”

Achimwene anagwedeza mutu, anatseka chitini chawo, n'kukweza mawu kuitana akazi awo kuti abweretse tiyi wa anthu awiri.